Ampu ya besi yozimazima pakati pa nyimbo, anawauza kuti ndi thiransifoma koma sinali imeneyo

Ampu imeneyi inafika pa shopu mwezi wa Okutobala kuchokera ku mpingo wina waku Bangwe, anabwera nayo ndi mnyamata amene amaimba besi mu praise team limodzi ndi mayi msungichuma wa mpingowo. Ndi ya combo ija, ampu ndi sipika zonse mu bokosi limodzi, sipika ya 15 inchi, kumbuyo kwake analemba 150W pa 4 ohms, ya mathiranzisita osati ya mavalavu. Inagulidwa ku Joni itagwira kale ntchito ndipo pa mpingopo yakhalapo zaka ndithu. Dzina la kampani ndalisiya dala chifukwa zomwe ndinapeza mkatimo zimagwera ampu ina iliyonse ya msinkhu umenewu, nde ndalemba zonse mwatsatanetsatane kuti amisiri anzanga komanso oimba amene ampu yawo ikuchita zofanana aone poyambira.

Madandaulo analipo atatu. Choyamba mawu amangosowa mwadzidzidzi pakati pa nyimbo, mnyamatayo akaimenya pamwamba ndi chikhatho amabwerera, pena amabwera ochepa kaye kenako fulu. Chachiwiri imalira huuu nthawi zonse olo gitala asanalumikize. Chachitatu, akaimba nthawi yaitali makamaka pa mapemphero a usiku onse aja, mawu amayamba kusasa akamenya nsambo yaikulu kenako zii, ndipo apa kumenya sikumathandiza, imayenera kupuma kaye mphindi zingapo nkudzuka yokha. Anali atapita nayo kale kwa munthu wina yemwe anasinthako zinthu, inagwira bwino kwa kanthawi nkuyambiranso, atabwerera anawauza kuti thiransifoma yatha ndipo bola kugula ina kapena ampu yatsopano. Mayi aja anandiuza kuti achinyamata anali atayamba kale kusonkha. Zinandikhudza, chifukwa ndikudziwa mmene ndalama ya zida imavutira kupezeka mmipingo yathu ya mmakwalalamu, ndipo thiransifoma ndi chinthu chomwe chimanamiziridwa kwambiri pa ntchito yathuyi pomwe sichiwonongeka wamba.

Ndisanamasule sikulu ina iliyonse ndinamukhazika mnyamatayo pa benchi nkumufunsa bwinobwino. Ikazima kagetsi kakutsogolo kamazimanso? Anati ayi madala, kamakhala koyaka. Ukachepetsa voliyumu huuu uja amachepa? Anati sasintha. Kuzima komwe kumatha ukamenya ndi kuzima kofuna kupuma kuja kumabwera nthawi imodzi? Anaganiza kaye nkunena kuti ayi, koyambako kumachitika olo atangoyatsa kumene mmawa, kwinako ndi pokhapokha atentha nayo nyimbo. Kenako anawonjezera yekha ngati nkhani yaing'ono kuti akagwira nsambo mlomo nkukhudza maiki amamva kuluma. Mayankho amenewa anandiuza zoti pano palibe nthenda imodzi, pali zingapo zosiyana zomwe zangokumana mu bokosi limodzi, ndipo thiransifoma yakufa nthawi zambiri siiyatsa kagetsi komanso siidzuka chifukwa choimenya mbama.

Ndinayamba ndi zakunja. Gitala yake ndi yopanda batire mkati, ndinaiyesa pa ampu yanga inali bwino, kebulo yakenso ndinaipinda mbali zonse ikulira osaduka mawu. Pulagi ndi yomwe inandiimitsa mutu. Poti ampu inachokera ku South Africa inabwera ndi pulagi ya mapini atatu obulungira akuluakulu aja omwe salowa mu soketi zathu za mapini a makona, nde wina anaidula nkuikapo pulagi yakuno koma analumikiza mawaya awiri okha, wa bulauni ndi wa buluu, wa earth uja wa gilini ndi yelo anangoupinda nkuukulunga tepi. Fyuzi ya kumbuyo kwa ampu nditaitulutsa ndinapeza galasi lake lakuda ndipo kunja anakulungako kawaya ka kopa.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa ichi nchoopsa kuposa zonse zomwe anabweretsera ampuyi. Pa gitala ya magetsi nsambo zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu, kuchokera pa bridge, kachitsulo kogwira nsambo pa gitala, kudzera mu kebulo mpaka pa chassis, chomwe ndi chitsulo cha ampucho, anapanga dala choncho kuti phokoso lichepe. Ndiye kuti woimba akagwira nsambo wagwira chitsulo cha ampu. Earth ikakhalapo, waya wa moto ukakhudza chitsulocho mphamvu imathawira pansi fyuzi nkuduka basi nkhani yatha. Earth palibe, fyuzinso ndi waya wa kopa, njira yomwe yatsala ndi thupi la mwana wa eni ake kudzera pa mlomo kupita ku maiki. Nditayeza pakati pa chitsulo cha ampu ndi earth ya pa benchi yanga mita inaonetsa pafupifupi 90V, ndi moto wongodontha wopanda mphamvu kwenikweni nchifukwa chake umangoluma, koma tsiku loti china chake chachita shoti mkatimo ikanakhala 230V yonse. Ndinamanga pulagi bwinobwino, mkati mwa pulagi ndinaika fyuzi ya 5A mmalo mwa 13A yomwe inalimo, ndipo kumbuyo kwa ampu ndinabwezera fyuzi ya mlingo womwe walembedwa pambali pakepo, ya mtundu wa T yosafulumira kuduka, poti thiransifoma imakoka kwambiri pa kamphindi koyatsa kaja.

Ampu yomwe fyuzi yake inamangidwa waya sindiiyatsa mwachindunji. Ndimadutsitsa moto mu babu la 100W lakale lija la kawaya mkati, lolumikizidwa motsatana ndi ampu pa waya wa moto. Ngati muli shoti babu limawala kwambiri nkukhala choncho ndipo palibe chomwe chimapsa, ngati mulibe limangothwanima kamodzi pomwe makapasita akudzaza kenako nkufooka. Mababu a LED ndi ma energy saver sagwira ntchito imeneyi, nde amisiri anzanga mukawapeza akale aja pa msika wa Ndirande kapena ku Limbe gulani musunge, akusowa. Pa ampu iyi babu linathwanima nkufooka, shoti munalibe.

Sipika ndinali nditaichotsa kaye. Pa mita inawerenga 6.1 ohms zomwe ndi zoyenera kwa sipika ya 8 ohms, nditaigunditsa batire pepala lake linatuluka nkubwerera bwino, ndikalikankha pang'onopang'ono ndi zala mozungulira silimakhula paliponse. Pa mawaya opita ku sipika panali DC yosakwana 30mV, palibe vuto. Kenako thiransifoma yonamiziridwa ija. Imatulutsa 30V mbali iyi ndi 30V mbali inayo kuchokera pa waya wapakati, ndendende, siimanunkha, siimatentha, siimanjenjemera. Ndinawaitana mayi aja kuti aone okha manambala pa mita ngakhale anati iwo za magetsi sazitsata, ndinkafuna akafotokoze ku komiti zinthu zomwe aona ndi maso awo.

Tsopano huuu uja. Pali njira yosavuta yomwe woimba besi aliyense angathe kuchita opanda chida china chilichonse. Magetsi athu kuno ndi a 50Hz. Phokoso lomwe lalowa kudzera mu gitala, kebulo yoipa kapena earth yosokonekera nthawi zambiri limakhala pa 50Hz pomwepo, ndipo pa besi limayandikana ndi G wapansi, fret yachitatu pa nsambo yaikulu, amene ali pa 49Hz. Koma phokoso lochokera mu power supply, chigawo chomwe chimapatsa ampu moto, limakhala pa 100Hz chifukwa bridge rectifier, yomwe imasintha AC kukhala DC, imatembenuza theka lapansi la funde lililonse nkulikweza mmwamba, nde mafunde amakhala 100 pa sekondi, ndipo limeneli limayandikana ndi nsambo yaing'ono ya G osaigwira paliponse, yomwe ili pa 98Hz. Nditabwezera sipika ndinamupatsa mnyamata uja gitala yake nkumuuza kuti amenye G wosagwira. Mawu awiriwo anakwatirana mpaka kumamveka kawuwuwu kakugunda kawiri pa sekondi, kusiyana kwa 100 ndi 98 kuja. Anandiyang'ana nkunena kuti madala nde nchifukwa chake nyimbo za mu G zimandimvekera zachilendo eti.

Ndiye nkhani inali pa makapasita akuluakulu awiri a mu power supply, 6800µF 50V iliyonse. Kapasita imagwira ntchito ngati mgolo wa madzi pakhomo, mpopi ukamatulutsa modukizadukiza inu mumatunga mu mgolo osadziwa nkomwe kuti kunja madzi akuvuta, koma mgolo ukachepa kudukiza konse kumafika mpaka mu ndowa yanu. Mbali ya negative inali pa 42V yokhazikika, mbali ya positive inali pa 40V. Kuti muone kugwedezeka kwake ikani mita pa AC koma mudutsitse mu kakapasita ka 0.1µF, chifukwa mamita otchipa ambiri amasokonezeka akakumana ndi DC nkukupatsani nambala yabodza. Ku negative ndinapeza cha mma 50mV, ku positive pafupifupi 1V ampu ili chete osaimba kanthu. Poiyang'ana kapasitayo pamwamba siinatupe kwenikweni, nchifukwa chake mwina anthu amaidumpha, koma nditaizula pansi pake panali zoyera zouma ngati mchere ndipo pa mita sinafike ndi 500µF yomwe.

Ndinasintha zonse ziwiri osati imodzi, zinabadwa tsiku limodzi ndipo zaphikidwa mu kutentha kumodzi, inzakeyo ikanatsatira posachedwa. Ndinaika za 6800µF koma za 63V komanso za 105°C, poti 42V pa kapasita ya 50V mpata wake ndi wochepa makamaka akamagwiritsa jenereta yomwe mphamvu yake imakwera nkutsika. Musanagwire pamenepa chotsani kaye moto womwe wasungidwa mmakapasita podutsitsa mu rezisita, ine ndimagwiritsa ya 1k 5W, osati kugunditsa sikuludiraiva ayi, zimathetheka moto nkudya njira za pa bolodi. Nditayatsa huuu anatheratu, kunatsala kamphepo kochepa komwe umamva pokhapokha utagunditsa khutu pa sipika.

Kusowa kwa mawu kofuna mbama kuja ndi komwe anthu ambiri amataya nako ndalama, amasintha ma IC, mavoliyumu, mathiranzisita mongoganizira. Njira yake ndi kuidula ampu pakati. Kumbuyo kwa ma ampu ambiri a besi kuli mabowo awiri olembedwa send ndi return, ena amalemba preamp out ndi power amp in. Send ndi pothera chigawo choyamba chomwe chili ndi gain ndi ma tone, return ndi poyambira chigawo champhamvu chomwe chimakankha sipika. Ndinaisiya ikulira ndi nyimbo ya pa foni kudzera kutsogolo mpaka mawu anasowa okha, osaigwedeza ndinatenga send nkupititsa ku ampu yanga ina, nyimbo inali ikumveka bwinobwino. Ndiye kuti chigawo choyamba chilibe mlandu. Ndinalowetsa foni pa return, sipika inalira mwamphamvu, chachiwirinso chilibe mlandu. Zonse ziwiri zili moyo koma sizikupatsirana. Nditatenga kakebulo kakafupi nkulumikiza send ndi return kunja, ndinaimenya, kuigwedeza, kuipendeketsa, mawu sanasowenso olo kamodzi.

Chomwe chimachitika ndi ichi, mkati mwa jaki ya return muli kachitsulo kopyapyala komwe kamagona pa kanzake ngati simunalowetsemo kanthu, ndipo mawu onse a ampu amadutsa pa kamalo kakang'ono kokhudzanako. Pa mpingo uja mabowo amenewa sanawagwiritsepo ntchito chigulireni, nde tizitsulo timeneti sitinakhulanepo, fumbi la chilimwe limalowa, kukabwera chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chinyezi nkukhazikika, pamapangika kadzimbiri kakuda. Ukamenya bokosi kachitsulo kamasuntha pang'ono nkupeza poyera, mawu nkubwera. Nditaizula jakiyo ndinaona ndi galasi kuti pokhudzana paja pada bii ndipo kachitsulo katopa sikakukanikizanso. Kupopera contact cleaner nkulowetsa pulagi kangapo kumathandiza ndipo ngati muli pa pulogalamu mawa chitani zimenezo, kapena siyani kakebulo kaja kali kolumikiza, palibe chomwe kamawononga. Koma mafuta opopera omasulira mabawuti a dzimbiri aja musathiremo, amasiya zonanda zomwe zimakoka fumbi lina. Ine ndinaika jaki yatsopano basi poti mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Bolodi lili panja ndinaligogoda ndi kamtengo kouma malo osiyanasiyana ampu ikulira, pafupi ndi marezisita awiri a 5W omwe amatsitsa moto kupita ku 15V ya ma IC panamveka thethethe. Amenewa amatentha masiku onse ndipo besi imagwedeza bokosi lonse, nde mtovu wa pa miyendo yake unali utang'ambika mozungulira ngati kamphete. Ndinachotsa wakalewo nkuwotcherera watsopano, chimodzimodzi pa jaki yolowetsa gitala ndi miyendo ya mavoliyumu. Ndinasesanso zitosi za mphemvu zomwe zinali mbwee pakona.

Vuto lachitatu ndi lomwe linafuna kudekha. Kuti ulione umayenera kuigwiritsa ampu ntchito yolemetsa, ndipo sungachite zimenezo ndi sipika pa shopu anthu oyandikana nawo angakuthamangitse, nde ndimagwiritsa marezisita awiri a 8 ohms 100W omangirira pa chitsulo cha aluminiyamu, ukawaphatikiza amapanga 4 ohms. Ndinalowetsa kamawu ka 400Hz kochokera pa foni nkumakweza pang'onopang'ono ndikuyang'ana pa oscilloscope yanga yakale, chida choonetsa maonekedwe a funde la mawu. Funde lapansi linali lokongola koma lapamwamba linayamba kuphwanyika msanga mphamvu isanafike ndi pa theka pomwe. Ampu iyi ili ndi mathiranzisita akuluakulu anayi, 2SC5200 awiri mbali ya positive ndi 2SA1943 awiri mbali ya negative. Patangopita mphindi zochepa imodzi mwa 2SC5200 inali yosagwirika pomwe inzake yoyandikana nayo inali yongofunda ndi kutentha kwa chitsulo basi. Posakhalitsa kaswitchi ka kutentha komwe kamamangidwa pa heatsink, chitsulo chochotsa kutentha kwa mathiranzisita, kanadula sipika, kagetsi kutsogolo kali chiyakire, ndendende zomwe mnyamata uja anafotokoza.

Nditazimitsa ndinayeza marezisita oyera a 0.33 ohms omwe amakhala pa mwendo wa emitter wa thiranzisita iliyonse. Atatu anali bwino, wachinayi, wa thiranzisita yozizira ija, anali woduka mkati ngakhale kunja amaoneka wabwinobwino opanda ndi chipsera chomwe. Ndiye kuti thiranzisita imeneyo inangokhalapo ngati chokongoletsa, katundu yense wa mbali ya positive amasenza inzake yokha. Apa mbiri ya ampuyi inayamba kuwerengeka. Nthawi ina mathiranzisita a mbali imeneyi anachita shoti, fyuzi inaduka, rezisita uja anapsa nawo, amene anakonza anasintha mathiranzisita koma marezisita sanawayeze. Ndikunena izi osati monyoza mnzanga, koma thiranzisita yaikulu siifa yokha, ikafa yezani marezisita a emitter onse, ma driver omwe ndi timathiranzisita tokankha akuluakuluwo, ndi tinthu ta bias, kamoto kochepa komwe mathiranzisita amadutsitsa ampu ili chete, musanatseke bokosi, apo ayi ntchito ibweranso ndipo kasitomala adzati munamubera.

Mathiranzisita awiri omwe anaikidwawo nawonso sanandisangalatse. Zilembo zake zimafufutika ndi chala chonyowa, sizimafanana ndi za awiri akale a mbali inayo, ndipo anawamanga pouma opanda phala loyera lija lothandiza kutentha kudutsa kupita ku heatsink. 2SC5200 ndi 2SA1943 enieni ndi a Toshiba ndipo ndi olimba zedi, koma chifukwa chotchuka achinyengo ake ndi ambiri pa msika. Ndinaswa imodzi ndi pulayala, kachidutswa ka silicon mkatimo kanali kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi ka yeniyeni yakufa yomwe ndimasunga mu kabotolo kuti ndiziyerekezera. Yotereyi pa mita imayeza bwinobwino, pa voliyumu yochepa imaimba, koma ikakumana ndi E wapansi wa 41Hz pa mphamvu yonse siichedwa. Ndinaika awiri omwe ndinazula mu ampu ina yakale yomwe ndikudziwa chiyambi chake, ndinasintha marezisita a emitter onse anayi kuti akhale ofanana, mica yatsopano yotchinga magetsi pakati pa thiranzisita ndi heatsink, phala latsopano pa onse, ma driver ndinayeza anali bwino. Bias ndinaikonza ampu itafunda kaye mpaka pa rezisita aliyense panali cha mma 7mV, kutanthauza pafupifupi 20mA pa thiranzisita iliyonse.

Komabe funso linatsala, oyambirira enieni aja anafa ndi chani? Ampu imeneyi yapangidwa kuti izipirira, siingangopsa chabe. Ndinamuimbira mnyamata uja nkumufunsa kuti mphwanga, bowo lakumbuyo lolembedwa extension speaker lija mumalowetsamo chani. Anati pa Sande wamba palibe, koma pa misonkhano ikuluikulu ndi pa maukwati amabwereka bokosi limodzi la PA nkulumikiza pamenepo kuti besi ifike kumbuyo. Ndinamuuza kuti ajambule kapepala ka kumbuyo kwa bokosilo anditumizire pa WhatsApp. Linali la 4 ohms.

Masamu ake ndi awa. Sipika yamkati ndi 8 ohms, ndipo bowo lija limalumikiza sipika yachiwiri mophatikizana ndi yoyambayo. Mukaika ina ya 8 ohms zonse pamodzi zimakhala 4 ohms, zomwe ampu inalembedwa kuti ndi malire ake. Koma 8 ndi 4 mukaphatikiza, 8 kuchulukitsa ndi 4 kugawa ndi 12, zimapereka 2.67 ohms. Anthu ambiri amaganiza kuti masipika akachuluka ma ohms amachulukanso, ayi amatsika, ndipo akatsika ampu imakakamizika kutulutsa current yambiri. Pa 24V, 4 ohms imakoka 6A pomwe 2.67 ohms imakoka 9A, theka lina lonse pamwamba, kudutsa mmathiranzisita omwe aja, kwa maola. Besi ndiyenso imalemetsa kuposa zida zina poti mawu ake ndi aatali osadukiza, ampu siipeza mpata wopuma.

Ndinapita nayo ndekha ku tchalitchiko poibweza chifukwa ndinkafuna ndione pomwe imakhala. Denga ndi la malata opanda siling'i, masana a Okutobala mkatimo mumachita kuwotcha. Ampu amaiika pakona yogunda khoma, mbali ya heatsink ndi yomwe imayang'ana kukhomako, ndipo pamwamba amayala nsalu yoyera yoluka bwino yomwe imagwera kumbuyo nkutseka zipsepse zonse za chitsulo chija. Amayi a mpingo amachita izi chifukwa cholemekeza malo opatulika ndipo ndinawafotokozera mwaulemu kuti nsaluyo ikhalepo mkati mwa sabata kuteteza fumbi, ndi yothandiza kwambiri, koma nthawi yoimba aziichotsa ndipo ampu izisiyana ndi khoma mpata woti dzanja lonse lotambasula likwane. Ampu iyi ilibe fani, imadalira mpweya wodutsa wokha.

Ndisanaibweze ndinali nditaiyesa pa benchi mokwanira. Pa 4 ohms inafika 24V funde lisanayambe kuphwanyika, zomwe ndi 144W, ndipo mbali zonse ziwiri zimaphwanyika nthawi imodzi mofanana. Ndinaisiya ikugwira ntchito yolemera masana onse, mathiranzisita anayi onse amatentha mofanana, kaswitchi kaja sikanadule. DC pa sipika inali pa 18mV. Ndinaigogodanso paliponse ndi kamtengo kaja osamva kanthu.

Mayi msungichuma nditawapatsa pepala la zomwe ndagula ndi ntchito yanga anawerenga kawiri nkufunsa kuti bambo, ndiye thiransifoma ija mwaisiya yomweyo? Ndinati eya mayi, ilibe vuto, ndipo ndinawapatsa kajumbo ka zonse zomwe ndinachotsa, makapasita awiri, jaki, marezisita, mathiranzisita ndi fyuzi ya waya ija, kuti akaonetse ku komiti. Za ndalama zomwe achinyamata anasonkha ndinawalangiza kuti ngati akufunadi besi yomveka kumbuyo pali njira ziwiri, kugula bokosi la besi la 8 ohms, kapena njira yotchipa yomwe ine ndingasankhe, kutenga mawu pa bowo la line out la ampu kupititsa ku mikisa kuti masipika a PA azikankhidwa ndi ampu yawoyawo, combo iyi izingomuthandiza woimbayo kudzimva. Tinayesa pomwepo ndi kebulo yomwe anali nayo ndipo mnyamata wa pa mikisa anaikonza mpaka besi inamveka bwino mpaka kukhomo. Pa bowo la extension ndinamatapo kapepala kolemba kuti 8 ohms yokha. Ndinawauzanso kuti akamagwiritsa jenereta azidikira ikhazikike kaye, ampu iziyatsidwa pomaliza ndipo izizimitsidwa poyamba, magetsi akathima pakati pa mapemphero azithimitsa switchi yake asanabwerere.

Chinthu chimodzi chomwe sichinathe ndi cha mnyumbamo. Nditayeza soketi ya kutsogolo komwe amalumikiza zida ndinapeza kuti bowo la earth silinalumikizidwe kulikonse, komanso ekisitenshoni yomwe amagwiritsa ndi ya mawaya awiri. Ndiye kuti pulagi yomwe ndinamanga bwino ija ikafika pamenepo earth yake imathera mmalere, ndipo kuluma kwa pa maiki kukhoza kupitirira. Soketi ya ku ofesi ya abusa inali ndi earth yabwino, nde pakadali pano tinakoka ekisitenshoni ya mawaya atatu kuchokera kumeneko ndipo zida zonse, mikisa, kiyibodi ndi ampu, zikudya pamenepo, nditayezanso 90V ija inali itasowa. Ndinawauza abusa pamaso pa akulu ampingo kuti apeze wa zamagetsi wovomerezeka adzakonze waya wa mnyumbamo, imeneyo si ntchito yanga ndipo si yoti achinyamata aziyesera okha. Mnyamata uja wandiuza pa foni kuti adutsa nayo mapemphero a usiku onse osazima olo kamodzi, koma za soketi akuti komiti ikhala pansi kumapeto kwa mwezi, nde ndiwaimbiranso ikadzakumana.